Kodi ndiyenera kumwa mankhwala a BP pamene sindikumva kupweteka kulikonse?

Bambo Mwale analemba:

Moni nonse. Ndili ndi zaka 52 ndipo sindinagonekedwepo m'chipatala chibadwire. Mwezi watha, pamene ankatiyeza m'thupi kuntchito, makina anaonetsa 162/101, ndipo namwino anandilangiza kuti ndikayezetsenso kuchipatala. Kumeneko anapeza 158/98, choncho dokotala ananena kuti ndili ndi matenda othamanga magazi, n'kundilembera mapiritsi a amlodipine a 5 mg oti ndizimwa limodzi tsiku lililonse. Mapiritsiwo ndinalandira, koma mpaka pano adakali m'kabati chifukwa mtima wanga ukukayika.

Mutu sundipweteka, sindimva chizungulire, ndimagwira ntchito bwinobwino ndiponso ndimagona tulo tabwino. Sindine wonenepa kwambiri, fodya sindisuta, ndipo mowa ndinasiya kalekale. Nanga matendawa achokera kuti, ndipo kodi n'zotheka kuti munthu adwale popanda chizindikiro ngakhale chimodzi? Mlamu wanga akundichenjezanso kuti munthu akangoyamba mankhwalawa thupi limawazolowera moti sangawasiyenso, komanso kuti amawononga impso. Ndikupempha amene mukudziwa bwino za matendawa kuti mundimasulire, chifukwa sindikufuna kumwa mankhwala mwachimbulimbuli, komanso sindikufuna kunyozera chinthu chimene chingadzandipweteke m'tsogolo.

Mayi Nachisale anayankha:

Bambo Mwale, ndagwira ntchito ya unamwino kwa nthawi yaitali, ndipo funso lanuli ndi limene ndalimva kwambiri kuposa lina lililonse pa matendawa. Yankho lake n'lakuti n'zotheka, ndipo anthu ambiri amene magazi awo amathamanga samva chilichonse. Lipoti la bungwe la World Health Organization la chaka cha 2023 linaonetsa kuti chiwerengero cha anthu amene ali ndi vutoli padziko lonse chinakwera kuchoka pa 650 miliyoni mu 1990 kufika pa 1.3 biliyoni mu 2019, ndipo pafupifupi theka la anthu amenewa sadziwa n'komwe kuti ali nalo. Sikuti onsewo ndi onyozera ayi, koma kuti thupi siliwauza kanthu. Mutu, chizungulire ndi kamfuno, zimene anthu amaziyesa zizindikiro za BP, zimabwera pa zifukwa zambirimbiri, moti munthu angathe kumva mutu BP yake ili bwinobwino, wina n'kumaseka ndi anzake BP ili pa 180.

Manambala awiri amene munauzidwa aja akutanthauza izi. Nambala yam'mwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha pa nthawi imene mtima wafinya kuti utulutse magazi, pamene yam'munsi ndi mphamvu imene imatsalira m'mitsemphamo mtima ukamapumula usanafinyenso. Munthu amatengedwa kuti ali ndi matendawa ngati atayezedwa pa masiku awiri osiyana, nambala yam'mwamba yafika kapena kupitirira 140, kapena yam'munsi yafika kapena kupitirira 90. Madokotala a mtima a ku United States anatsitsa malirewa mu 2017 kufika pa 130/80, koma kwa inu kusiyana kumeneko kulibe ntchito, popeza manambala anu apyola malire onse awiri pa maulendo onse amene munayezedwa.

Kuwonongeka kumachitika pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri, ndipo kumachitikira m'malo amene munthu sangamve kupweteka. Makoma a mitsempha akamakankhidwa mwamphamvu usana ndi usiku, amakhuthala, kuuma ndi kukanduka m'kati, ndipo mafuta amayamba kumatirira pamene pakanduka. Mtima umene ukupopa magazi movutikira chotere umakula minofu, makamaka chipinda chake chakumanzere, ndipo poyamba umaoneka ngati ukulimba, koma pamapeto pake umauma n'kutopa, munthu n'kuyamba kuchita befu akangoyenda pang'ono, miyendo n'kumatupa. M'impso muli timitsempha ting'onoting'ono tosefa magazi, ndipo timeneti tikafa sitimeranso. Chimodzimodzinso m'maso. Muubongo mtsempha ungathe kutsekeka kapena kuphulika, ndipo imeneyo ndiye sitiroko. Kwa anthu ambiri, chizindikiro choyamba cha BP chimakhala kudzuka m'mawa dzanja ndi mwendo zitafa, ndipo pamenepo timakhala tachedwa.

Pa funso lakuti matendawa achokera kuti, mwa anthu 10 alionse amene ali nawo, pafupifupi 9 sapezeka ndi chifukwa chimodzi chimene dokotala angaloze. Zinthu zingapo zimaphatikizana: zaka, chifukwa mitsempha imauma tikamakula, kumtundu, ngati makolo kapena abale anu anali nawo, mchere wochuluka, kunenepa, makamaka pamimba, kusagwiritsa ntchito thupi, mowa, ndiponso matenda a shuga. N'chifukwa chake munthu wochepa thupi, wosamwa ndi wosasuta amathanso kupezeka nawo, ndipo sayenera kudziimba mlandu. Gulu laling'ono lotsalalo ndi la anthu amene BP yawo imakwera chifukwa cha matenda ena, monga a impso, mahomoni a tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, chithokomiro, kapena vuto losiya kupuma kwa kanthawi ali m'tulo, limene limadziwika ndi mkonono wamphamvu ndi kusinza masana. Madokotala amafufuza zimenezi makamaka ngati wodwala ndi wachinyamata kapena ngati BP ikukana kutsika ngakhale akumwa mankhwala amitundu itatu.

Kukayika kwanu sikwachilendo, pakuti ngakhale madokotala enieniwo anakayikapo kwa nthawi yaitali. Kale ambiri a iwo ankakhulupirira kuti BP yokwera imathandiza kukankha magazi m'mitsempha youma ya munthu wachikulire, ndipo kuitsitsa n'koopsa. Mtsogoleri wa dziko la United States, Franklin D. Roosevelt, anamwalira pa 12 April 1945 mtsempha utaphulika muubongo, BP yake itakhala yokwera kwa zaka zambiri pa nthawi imene kunalibe mankhwala odalirika. Maganizo anasintha dokotala wina, Edward Freis, atatsogolera kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 1967. Anatenga amuna 143 amene nambala yawo yam'munsi inali pakati pa 115 ndi 129, ena n'kuwapatsa mankhwala enieni, ena mapiritsi opanda mphamvu. Mwa amene sanalandire mankhwala enieni, 27 anakumana ndi mavuto aakulu, pamene mwa olandira mankhwala anali 2 okha, moti kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. BP ya anthu amenewo inali yokwera kuposa yanu, koma kafukufuku wambiri wotsatira waonetsa kuti phindu lilipo ngakhale pa manambala otsikirapo: kutsitsa nambala yam'mwamba ndi 10 kumachepetsa chiopsezo cha sitiroko ndi pafupifupi kota. Ine ndikanakhala inu ndikanatulutsa mapiritsiwo m'kabati lero lomwe.

Bambo Chirwa anayankha:

Ndikugwirizana ndi Mayi Nachisale pa zonse, koma ndikufuna kuwonjezera mbali imene ambiri amaidumpha, imene ndi kayezedwe kake. Ine ndakhala ndi matendawa kwa zaka zambiri ndipo ndimadziyeza ndekha kunyumba. Pali anthu amene BP yawo imakwera akangoona yunifolomu ya namwino, akabwerera kunyumba n'kutsika, ndipo palinso ena amene kuchipatala imaoneka yabwino koma kunyumba ili yokwera. Choncho ngati mtima wanu ukukayikabe, Bambo Mwale, njira yothetsera kukayikako si kudikira mutu, koma kupeza makina oyezera pamkono, osati apadzanja pamene timavala wotchi, n'kumalemba manambala m'kope kwa sabata imodzi, m'mawa ndi madzulo.

Kuyeza kwake kuli ndi mwambo. Kwa mphindi 30 musanayeze musamwe khofi, musasute ndiponso musachite ntchito yolemetsa. Yambani mwataya madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza manambala. Khalani pampando wotsamira kwa mphindi 5 muli chete, mapazi onse ali pansi, miyendo yosapingasa. Mkono muusanjike patebulo kuti lamba wa makinawo akhale molingana ndi mtima, ndipo lambayo akulungidwe pakhungu, osati pamwamba pa malaya, m'mphepete mwake mutatalikirana ndi chigongono pafupifupi zala ziwiri. Makina akayamba kufinya musalankhule ngakhale wina atakufunsani kanthu. Yezani kawiri motalikitsa ndi mphindi imodzi ndipo mulembe zonse. Ngati mkono wanu ndi waukulu, lamba wamng'ono amaonetsa manambala okwera kuposa enieni, ndiye pogula muonetsetse kukula kwake. Kunyumba malire amatsikirako pang'ono, amakhala 135/85. Komabe ndinene mosabisa kuti munthu amene wapezeka ndi 162/101 kenako 158/98 sayenera kuyembekezera kuti makina akunyumba amumasula kotheratu, ndipo kuyeza kumeneku kusakhale chifukwa chozengereza mankhwala amene dokotala walemba kale.

China ndi mchere. Muyezo umene akatswiri amalangiza ndi wosafika magalamu 5 patsiku, umene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza mchere wonse wa m'zakudya, pamene anthu ambiri padziko lapansi amadya kuwirikiza kawiri muyezo umenewu. Chimene chimapusitsa n'chakuti munthu amangowerengera mchere wowaza patebulo, kuiwala umene wabisala mu buledi, m'masoseji, m'nyama ndi nsomba za m'zitini, ndiponso m'timibulu tokometsera zakudya. Pa mapaketi ambiri amalemba kuchuluka kwa sodium, ndipo kuti mudziwe mchere wake mumachulukitsa nambalayo ndi 2.5, moti chakudya chokhala ndi 400 mg ya sodium chili ndi galamu imodzi yathunthu ya mchere. Masabata oyambirira chakudya chimamveka chosakoma, koma lilime limazolowera, mpaka chakudya chimene munkachikonda kale chimayamba kumveka chowawa mchere. Kuyenda ndawala kwa mphindi 150 pa sabata, kudya masamba ndi zipatso zambiri, ndiponso kuchepetsa thupi kwa amene ndi onenepa, zonsezi zimatsitsa BP ndithu, koma kawirikawiri chilichonse mwa izi chimatsitsa ndi manambala ochepa okha. Zimathandizana ndi mapiritsi, ndipo kwa munthu amene ali pa 160 sizikwanira pazokha.

Bambo Mwale anayankha:

Zikomo kwambiri Mayi Nachisale ndi Bambo Chirwa, mwanditsegula m'maso. Mayi anga anamwalira ndi sitiroko, ndipo tsopano ndikuona kuti mwina nkhani ya kumtundu ikundikhudza. Chatsala ndi chenjezo la mlamu wanga lija, la kuzolowera mankhwala ndi kuwonongeka kwa impso. Ndifunsenso ngati pali vuto kumwa amlodipine pamodzi ndi ibuprofen, chifukwa msana umandivuta ndipo ndimamwa mapiritsi amenewa kawirikawiri.

Bambo Nyirenda anayankha:

Bambo Mwale, ine ndimagwira ntchito yopereka mankhwala, ndipo chimene mwatchula kumapetoko n'chofunika kwambiri kuposa mmene mukuganizira. Ibuprofen, diclofenac ndi naproxen ndi mankhwala a gulu limodzi, ndipo onsewa amachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, zimene zimakweza BP ndi kufooketsa mphamvu ya mankhwala ambiri oitsitsa. Akamwedwa kawirikawiri kwa nthawi yaitali amavulazanso impso ndi m'mimba. Ngati pali mapiritsi amene muyenera kuwaopa chifukwa cha impso zanu, ndi amenewa, osati amlodipine. Mukawauze adokotala kuti mumamwa ibuprofen pafupipafupi, kuti aone chimene chikuvuta kumsanako, ndipo pakali pano paracetamol ndiye wosaopsa kwambiri ngati simukupyola muyezo wolembedwa pa paketi. Mankhwala enanso amene amakweza BP ndi prednisolone, mankhwala a chimfine otsegula m'mphuno okhala ndi pseudoephedrine, ndiponso kwa amayi, mapiritsi olera okhala ndi estrogen.

Mlamu wanu waona chinthu choona koma wachimasulira molakwika. N'zoona kuti anthu ambiri akayamba mankhwalawa amamwa moyo wawo wonse, koma sikuti thupi lawazolowera monga mmene limazolowerera fodya. Chifukwa chake n'chakuti mankhwalawa sachotsa gwero la matenda, amangotsitsa BP pa nthawi imene ali m'thupi, monga mmene magalasi amathandizira maso pokhapokha atavalidwa. Munthu akawasiya, BP imabwerera pamene inali, ndipo iye amaganiza kuti mankhwala ndi amene amuwononga. Alipo ochepa amene amachepetsa thupi kwambiri, kusiya mowa ndi kuchepetsa mchere mpaka dokotala n'kuwachepetsera mapiritsi kapena kuwasiyitsa, koma zimenezi zimachitika dokotala akuyang'anira manambala. Mankhwala ena, monga atenolol ndi propranolol, ndi oopsa kuwasiya mwadzidzidzi chifukwa mtima umayamba kugunda mothamanga.

Za impso, nkhani yake imayenda chonchi. Munthu amakhala ndi BP yokwera kwa zaka zambiri osadziwa, impso zikuwonongeka mwakachetechete, ndiye akayamba mankhwala mochedwa, kenako n'kupezeka kuti impso zafooka, abale amaloza chala mapiritsi. Zoona zake n'zakuti BP yosasamalidwa pamodzi ndi matenda a shuga ndi zimene zimapha impso za anthu ambiri padziko lonse. N'chifukwa chake ndi bwino kuti poyamba penipeni akuyezeni magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito, mkodzo kuti aone ngati mukutuluka mapuloteni, komanso shuga ndi mafuta a m'magazi.

Sindikunena kuti mankhwalawa alibe zovuta zake. Amlodipine amagwira ntchito pomasula minofu ya m'makoma a mitsempha kuti itakasuke, ndipo kwa anthu ena amatupitsa akakolo, makamaka madzulo ndiponso muyezo ukakwera kufika 10 mg. Ena amamva kutentha kumaso kapena kamutu masiku oyambirira. Hydrochlorothiazide amathandiza impso kutulutsa mchere ndi madzi, choncho amamwedwa m'mawa kuti munthu asavutike kudzuka usiku, ndipo angathe kuchepetsa potassium m'magazi kapena kudzutsa matenda otupa mfundo otchedwa gout. Enalapril, lisinopril ndi captopril amateteza bwino impso za anthu a shuga, koma ena amawapatsa chifuwa chouma chokerekesa pakhosi, ndipo zikatero dokotala amawasinthira ku losartan. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa munthu akumwa mankhwala a gulu limeneli, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Captopril, amene anavomerezedwa mu 1981, anapangidwa asayansi ataphunzira ululu wa njoka ina ya ku Brazil, umene umagwetsa BP ya nyama imene yalumidwa, ndipo ndimakonda kukumbutsa zimenezi anthu amene amati chilichonse chachilengedwe n'chofatsa. Kafukufuku waonetsanso kuti kwa anthu akuda, amlodipine ndi hydrochlorothiazide amatsitsa BP bwino kuposa enalapril akamamwedwa payekha.

Amlodipine amakhalitsa m'thupi, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo, choncho musakhumudwe manambala akapanda kutsika tsiku lachiwiri. Sankhani nthawi imodzi imene simungaiwale. Mukaiwala, imwani mukangokumbukira, koma ngati nthawi ya piritsi lotsatira yayandikira, lekani lomwe mwaiwalalo ndipo musamwe awiri nthawi imodzi. Malangizo a World Health Organization a 2021 amati munthu amene wangoyamba mankhwala azionedwa mwezi uliwonse mpaka BP itatsika pansi pa 140/90, kenako pakapita miyezi 3 mpaka 6. Akakuwonjezerani mtundu wachiwiri wa mankhwala musadandaule kuti matenda akula, popeza anthu ambiri amafunika mitundu iwiri, ndipo mitundu iwiri pa muyezo wochepa imagwira bwino ntchito kusiyana ndi mtundu umodzi pa muyezo waukulu.

Mayi Gondwe anayankha:

Popeza Bambo Mwale atchula za sitiroko m'banja mwawo, ndi bwino kuti onse a m'nyumba adziwe nthawi imene matendawa amasiya kukhala achete. BP ikafika 180/120 kapena kupitirira, munthu n'kumamva kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi, kusaona bwino, kusokonezeka maganizo kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, ameneyo ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati manambala akwera chotero koma munthu sakumva chilichonse, apume kwa mphindi zingapo n'kuyezanso, ndipo akakhalabe okwera akaonane ndi dokotala tsiku lomwelo, osati kudziwonjezera mapiritsi yekha, chifukwa kugwetsa BP mofulumira kwambiri kungachepetse magazi opita kuubongo.

Sitiroko mungaizindikire mosavuta. Muuzeni munthuyo kuti amwetulire, muone ngati kamwa yapotokera mbali imodzi. Akweze manja onse awiri, muone ngati lina likugwa. Anene chiganizo chachifupi, mumve ngati mawu akutuluka bwino. Chimodzi chokha mwa izi chikalephereka, onani nthawi pa wotchi ndipo nyamukani, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa m'maola 4 ndi theka oyambirira okha, kuwerengera pamene munthu anaoneka komaliza ali bwino. Musamupatse chakudya, madzi kapena aspirin, pakuti mwina sangathe kumeza, ndiponso popanda kujambula ubongo palibe angadziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, ndipo ngati waphulika aspirin amawonjezera kutaya magazi. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, apitebe kuchipatala, chifukwa kawirikawiri limenelo limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu imene ingabwere m'masiku otsatira.

Kwa amayi amene akuwerenga, dziwani kuti enalapril, lisinopril, captopril ndi losartan saloledwa kwa mayi woyembekezera chifukwa amavulaza impso za mwana m'mimba, choncho amene akufuna kutenga pakati auze dokotala msanga kuti amusinthire ku methyldopa, nifedipine kapena labetalol. Mayi amene mimba yake yapitirira masabata 20, akayamba kumva mutu wosatha, kuona zinthu zothwanima, kupweteka pansi pa nthiti zakumanja, kapena kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, asadikire tsiku la sikelo, chifukwa BP ya pa mimba ingafike pomukomola ndi kumugwedeza ngati khunyu, ndipo vutoli limathanso kuyamba m'masabata oyambirira mwana atabadwa kale.